Mankhwala Amadzi Omatira Matayala: Pamene Athandiza ndi Pamene Alephera

Nkhani ya lero ikuchokera pa Boma la Mulanje, m'tsinde mwa phiri lalitali koposa m'dziko muno, ndipo ikukamba za vuto limene aliyense woyenda pa matayala amalidziwa, ndilo kuphwa kwa tayala pa malo opanda womata. Vutoli silisankha munthu. Limagwera woyendetsa thalakitala m'munda wa tiyi, limagwera wakabaza pa msewu wa ku Likhubula, limagweranso mwini galimoto pa msewu wa Midima usiku mvula ili mkugwa.

Masiku ano kuli mankhwala amadzi othira m'kati mwa tayala, amene amatseka chibowo popanda kugulula tayalalo. Pa mabotolo ake pamalembedwa mawu a Chingerezi akuti tyre sealant. Anthu ena amawatama nanena kuti athetsa ntchito ya omata matayala, pamene ena amangoti ndi chinyengo cha amalonda. Onsewa aphonya. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, koma ali ndi malire ake, ndipo munthu wosadziwa malirewo angathe kutaya ndalama, kuwononga tayala labwino, ngakhalenso kutaya moyo umene.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu ku Mulanje

Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown adabzala mbewuyi pa esiteti ya Thornwood. Lero minda ya tiyi yazinga tsinde la phiri kuchokera ku Chitakale, kudzera ku Lauderdale ndi ku Mimosa, mpaka ku Ruo ndi ku Lujeri. Pambali pa maesiteti aakulu palinso alimi ang'onoang'ono zikwizikwi, monga a m'bungwe la Sukambizi, amene masamba awo amatengedwa pa malo oyezera kupita nawo ku fakitale.

Tsono tiyi ndi mbewu yosadikira. Masamba akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, pasanathe maola ambiri. Akakhalitsa ataunjikana m'ngolo pa dzuwa amatentha m'kati, nafiira, ndipo tiyi wotuluka m'masamba otere sakhalanso wabwino. Nyengo imene tiyi amachuluka, kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Epulo, ndi nyengo yomweyo imene mvula imasandutsa misewu ya dothi kukhala matope, pakuti madera ena a kumwera kwa phiri amalandira mvula yofika mamilimita 2,000 pa chaka. Tayala limodzi la ngolo likaphwa pa nthawi yotere, chimene chaima si thalakitala yokha ayi. Chaima ndi thukuta la anthu onse amene adalawirira m'mame kukathyola masambawo.

Zoboola matayala m'derali nzambiri. Pali timitengo touma totsala akadulira tiyi. Pali zitsa za bulugama, amene amadulidwa kuti akhale nkhuni zoumitsira tiyi. Pali zitsa za nandolo, zimene chikwanje chimazisiya zosongoka ngati mkondo. Palinso misomali, waya ndi zidutswa za malata zimene madzi amakokolola nazisiya m'njira, monga zidachitikira koposa m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula nyumba, milatho ndi misewu m'maboma a Mulanje ndi Phalombe.

Komanso Mulanje ndi boma la njinga. Pa msewu wochokera ku Muloza, kumalire a dziko lino ndi Mozambique, pafupifupi makilomita 30 kuchokera pa Boma, njinga zimasenza matumba a chimanga, mikoko ya nthochi ndi zinanazi. Ambiri mwa akabaza a njinga zamoto amayendetsa njinga za eni ake, ndipo madzulo ayenera kukapereka ndalama ya tsikulo, kaya tayala lidaphwa kaya silidaphwe. Kwa anthu onsewa, ola limodzi lotayika m'mbali mwa msewu ndi ndalama.

Matayala a mitundu iwiri

Asanagule mankhwalawa, munthu ayenera kuyamba wadziwa mtundu wa tayala lake. Tayala lopopa mpweya lidayamba kufala m'chaka cha 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa mumzinda wa Belfast, adalipangira kanjinga ka mwana wake. Kwa zaka zambiri mpweya unkasungidwa m'chubu, ndipo tayala linali chovala chabe choteteza chubucho. M'chaka cha 1947 kampani ya BFGoodrich ya ku America idalengeza za tayala lopanda chubu, limene limasunga lokha mpweya pogwirana zolimba ndi mkombero wachitsulo uja amakanika amautcha limu.

Lero galimoto zing'onozing'ono pafupifupi zonse zimayendera matayala opanda chubu. Koma njinga zakapalasa, njinga zamoto za masipoko, mawilibala, ngolo, malole akale ndi mathalakitala ambiri zikadali ndi machubu. Kusiyana kumeneku nkwakukulu. Tayala lopanda chubu nlochindikala, ndipo msomali ukalowa, mphira amaugwira zolimba kotero kuti mpweya umatuluka pang'onopang'ono. Chubu nchopyapyala ngati chikopa cha m'mimba mwa mbuzi, ndipo munga ukachilasa chibowo chimafutukuka, mwinanso kung'ambika ndithu. Chifukwa chake mankhwala a machubu ndi mankhwala a matayala opanda chubu amagulitsidwa m'mabotolo osiyana, ndipo sayenera kusinthanitsidwa.

M'mene mankhwalawa amatsekera chibowo

Aliyense amene adaonapo kalavati itatsekeka nthawi ya dzinja angathe kumvetsa ntchito ya mankhwalawa. Madzi othamanga amanyamula udzu, timitengo ndi mchenga. Zikafika pakamwa pa kalavati, timitengo timapingasa, udzu umakodwa pa timitengoto, mchenga umadzaza mipata yotsala, ndipo posakhalitsa madzi sadutsanso. Chimene chili tsoka pa msewu ndicho chili mwayi m'tayala.

Mankhwalawa ndi madzi olimbirako ngati phala la mwana, ndipo m'kati mwake muli timaulusi tambirimbiri ndi tizidutswa ta mphira. Tayala likamazungulira, madziwo amamwazikira m'kati monse mwa mbali yoponda pansi. Munga ukaboola, mpweya wothawa umakankhira madziwo m'chibowo. Timaulusi timapingasa, tizidutswa timadzaza mipata, ndipo tayala likamapondaponda pansi limatsindira zonsezo kukhala chotsekera cholimba. Kawirikawiri izi zimachitika tayala litangozungulira kangapo, mwini wake osazindikira nkomwe kuti adaponda kanthu.

Mankhwala ena amapangidwa ndi utomoni wa mtengo wa mphira, wofanana ndi umene amakama pa esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay. Utomoni umenewu umaundana ukakumana ndi mphepo, monga magazi amaundanira pa bala. Mankhwala otere amatseka msanga, koma amaumanso msanga m'kati mwa tayala, makamaka m'nyengo yotentha, kotero kuti pakapita miyezi yowerengeka amasanduka chikamba chopanda ntchito.

Kuchokera pa kagwiridwe ka ntchito kameneka, malire atatu akuonekera okha. Poyamba, chibowo chiyenera kukhala chaching'ono. Opanga mankhwalawa ambiri amati pa tayala lopanda chubu amatseka chibowo chosapitirira mamilimita 6, ndiko kunenepa kwa msomali wa mainchesi 6, ndipo pa chubu chosapitirira mamilimita 3, ndiko kunenepa kwa msomali wa mainchesi 2 kapena 3. Kachiwiri, chibowo chiyenera kukhala pa mbali yoponda pansi. M'nthiti mwa tayala mankhwala safikamo mokwanira, komanso m'menemo ndimo tayala limapindikapindika koposa, kotero chotsekera chilichonse chimasomphoka. Kachitatu, chiyenera kukhala chibowo, osati bala long'ambika. Chikwanje chikacheka tayala, kapena mwala ukaling'amba, palibe botolo lingathandize.

Otchinjiriza ndi opulumutsa

Mankhwalawa ali m'magulu awiri, ndipo kusokoneza magulu awiriwa ndiko kumabweretsa mavuto ambiri. Gulu loyamba ndi la mankhwala otchinjiriza. Amenewa amathiridwa tayala lisanaphwe, nakhala m'menemo kudikira munga. Ena mwa otchuka ndi obiriwira aja otchedwa Slime, amene adayamba kupangidwa ku California m'chaka cha 1989, ndipo opanga ake amati m'chubu amagwira ntchito kufikira zaka 2. Mankhwala a gulu limeneli ndiwo oyenera zinthu zoyenda pang'onopang'ono: wilibala, ngolo ya ng'ombe, ngolo yokokedwa ndi thalakitala, makina otchetchera udzu, njinga yakapalasa.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala opulumutsa. Amenewa amathiridwa tayala litaphwa kale, ndipo cholinga chake nchimodzi chokha, ndicho kufikitsa galimoto kwa womata. Ena amabwera m'chitini chopopera chimene chimathira mankhwala ndi mpweya nthawi imodzi. Ena amabwera m'botolo pamodzi ndi kapampu ka magetsi kolumikiza ku galimoto. Malangizo a ambiri mwa amenewa amati galimoto isathamange kupitirira makilomita 80 pa ola, ndipo ena amaonjeza kuti tayalalo likhale litakonzedwa pasanathe masiku 3 kapena makilomita 160. Kuchokera pa Boma la Mulanje kukafika ku Blantyre kudzera msewu wa Midima ndi makilomita osafika 70. Motero mankhwalawa angathe kumfikitsa munthu ku tauni, koma sali oti nkuyendera mwezi wathunthu.

Chifukwa chosiyanitsira liwiro nchakuti tayala lothamanga pa phula limatentha kwambiri ndipo limazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mankhwala akachuluka kapena akaundana mbali imodzi, tayala limalemera mbali imeneyo, ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera m'manja. Choopsa koposa nchakuti chotsekera chikasomphoka pa liwiro lalikulu, mpweya ungathe kutha mwadzidzidzi. Wilibala ikaphwa tayala, munthu amangoima. Minibasi yodzaza anthu ikaphwa tayala lakutsogolo pa mtsetse, imasiya msewu.

Za mathalakitala ndi za machubu

Pa matayala a thalakitala pali mfundo imodzi imene ambiri amaiwala. Matayala aakulu a kumbuyo nthawi zambiri amathiridwa madzi kufikira magawo atatu mwa anayi, kuti thalakitala ilemere ndi kugwira bwino dothi pokoka katundu. Kuthira mankhwala wamba m'tayala la madzi nkutaya ndalama, popeza amasungunuka ndipo timaulusi take timabalalika, monga supuni imodzi ya ufa m'ndowa yodzaza. Mwini thalakitala ayambe wafufuza ngati m'tayala muli madzi. Njira yake njapafupi: azungulitse tayala kuti valavu ikhale pansi, natobola kamtima ka valavuyo pang'ono; mukatuluka madzi, wadziwa. Kumene mankhwalawa amathandizadi ndi ku matayala a kutsogolo ndi a ngolo, amene amaphwa kawirikawiri ndipo sathiridwa madzi.

Pa machubu, mankhwalawa amagonjetsa munga ndi kawaya kakang'ono, koma pali mabala ena amene amawalephera. Njinga yosenza matumba atatu a chimanga ikagwera m'dzenje mpweya uli wochepa, chubu chimapanikizika pakati pa mwala ndi limu, nkuchekeka malo awiri oyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Bala lotere limakhalanso m'mbali, ndipo silitsekeka. Chimodzimodzinso chubu chothothoka pa valavu, chubu cholasidwa ndi sipoko kuchokera m'kati, ndi chubu chokalamba chimene zigamba zake zagundana. Pa zonsezi mankhwala enieni ndiwo kupopa mpweya wokwanira, kukulunga bwino lamba wa mphira pa mitu ya masipoko, ndi kusenza katundu woyenera njinga.

Kumidzi kuli njira zakale zodzipulumutsira, monga kumanga pa chibowo cha chubu ndi kachingwe ka mphira, kapena kudzaza udzu m'tayala kuti njinga ifike kumudzi. Njira zimenezi zafikitsa anthu ambiri kwawo. Koma kuthira m'chubu phala, ufa wa chinangwa kapena oyilo poganiza kuti zigwira ntchito ngati mankhwala ogula nkudzinyenga. Phala limaola ndi kutseka valavu, pamene oyilo, dizilo ndi palafini zimafewetsa mphira ndi kuwononga chubu chonse.

Kathiridwe kake

Kathiridwe ka mankhwala a m'botolo sikavuta, ndipo zida zake nzochepa: kachitsulo kogululira kamtima ka valavu, kamene kawirikawiri kamabwera pa chivundikiro cha botolo, pampu, ndi geji yoyezera mpweya. Munthu amayamba wazungulitsa tayala kuti valavu ikhale chakumwamba. Kenaka amagulula kamtima ka valavu mosamala, poti mpweya ungathe kukaulutsa nkukataya m'udzu, nadikira kuti mpweya wonse utuluke. Akatero amakhutchumula botolo kuti timaulusi tisakanikirane, nalumikiza kapaipi ku valavu, nkufinyira muyeso woyenera. Pomaliza amapukuta pakamwa pa valavu, kubwezera kamtima, kupopa mpweya wofika pa muyeso wa tayalalo, ndi kuyendetsa kamtunda pang'ono kuti mankhwala afike ponseponse.

Muyeso umalembedwa pa botolo ndipo umasiyana malinga ndi kukula kwa tayala. Kawirikawiri tayala la njinga yakapalasa limafuna pafupifupi mamililita 120, ndilo theka la kapu yomwera tiyi. La njinga yamoto limafuna pafupifupi kapu yathunthu, la galimoto yaing'ono pafupifupi theka la lita, pamene tayala lalikulu la thalakitala limafuna malita angapo. Mankhwala akachepa safika ponse, ndipo akachuluka amangolemeretsa tayala. Mwambi uja wakuti safunsa adadya phula ukugwira ntchito pano: amene sangathe kuwerenga Chingerezi cha pa botolo apemphe mnzake amuwerengere, pakuti malangizo a botolo lina sali malangizo a botolo linzake. Mwachitsanzo, ena amati msomali uzulidwe mankhwala asanathiridwe, pamene ena, makamaka obwera ndi galimoto, amati msomali usiyidwe momwemo kufikira kwa womata.

Galimoto zobwera zopanda tayala lapadera

Pali gulu la anthu limene lili ndi mankhwalawa koma osadziwa. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito, zimene zimachokera ku Japan kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban, sizibwera ndi tayala lapadera. Pa malo pamene pakadakhala tayalalo pamapezeka kabotolo ka mankhwala ndi kapampu ka magetsi. Opanga galimotozo adachita izi pofuna kuchepetsa kulemera ndi kusunga mafuta, poganizira dziko limene garaja ili pafupi paliponse.

Vuto nlakuti kabotolo kameneka kali ndi tsiku lothera mphamvu, limene limalembedwa pa kabotolo pomwepo, ndipo limakwana pakangopita zaka zowerengeka. Galimoto imene idayenda zaka 8 kapena 10 ku Japan imafika kuno mankhwala ake atatha mphamvu kalekale, mwina ataundana ngati chambiko. Mwini wake amazindikira izi usiku pakati pa Nkando ndi Chitakale, pamene sangachitenso kanthu. Aliyense wogula galimoto yotere atukule kapeti wa kumbuyo tsiku loyamba lomwe, aone chimene chilimo, ndi kuwerenga tsiku la pa kabotolo.

Mabuku a galimoto zotere amapereka malangizo omveka. Mankhwala a m'kabotolo amatseka chibowo chosafika mamilimita 4. Akathira ndi kupopa, woyendetsa ayende pafupifupi makilomita 5 mosathamanga, aime pa malo abwino, nayezenso mpweya. Ngati geji yatsika kupitirira pa 1.3, ndiwo mapaundi 19, ndiye kuti chibowo sichidatsekeke, ndipo ulendo usapitirire. Koma malangizo oposa onsewa kwa munthu woyenda m'misewu ya dziko lino ndi akuti agule limu ndi tayala lapadera, jeke ndi sipanala. Kabotolo kamagwira ntchito kamodzi kokha, pa tayala limodzi, ndiponso pa mtundu umodzi wa bala. Dzenje la pa msewu likang'amba tayala m'nthiti, chopulumutsa ndi tayala lapadera basi.

Ngozi zofunika kuzipewa

Ngozi yoyamba ndiyo yobisika. Tayala likayenda mtunda lili lophwa, nthiti zake zimapindika ndi kupekesana m'kati, ndipo ulusi ndi waya zolimbitsa tayalalo zimaduka. Mankhwala angathe kutseka chibowo, tayala nkufufumanso bwinobwino, koma m'kati litatheratu. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lotere limaphulika tsiku lina pa liwiro, popanda chenjezo. Ndiponso chotsekera cha mankhwala sichiletsa chinyontho kufika pa waya wa m'kati, amene amayamba dzimbiri pang'onopang'ono. Njira yokhayo yodziwira zoona ndiyo kugulula tayala ndi kuliyang'ana m'kati.

Ngozi yachiwiri ndi moto. Zitini zina zopopera, makamaka za kale, zimakhala ndi mpweya woyaka wofanana ndi wophikira. Tayala lothiridwa mpweya wotere lingathe kuphulika likakumana ndi ndudu kapena kunyezi kwa chitsulo. Ndiponso, kaya muli mankhwala kaya mulibe, limu lisawotcheredwe kapena kutenthedwa tayala likadali pomwepo, ngakhale mpweya utatulutsidwa, chifukwa kutenthako kumayambitsa moto wa m'kati mwa mphira umene umaphulitsa tayala, mwina patapita mphindi zingapo. Chizolowezi china cha amakanika ena, chothira petulo m'tayala ndi kuyatsa machesi kuti ligwirane ndi limu, chavulaza anthu m'maiko ambiri ndipo nchosayenera konse.

Ngozi yachitatu ili pakhomo. Mankhwala ena amapangidwa ndi madzi a mtundu wa ethylene glycol, omwenso amathiridwa m'radiyeta, amene ndi otsekemera m'kamwa koma ndi poizoni woononga impso. Mtundu wake wobiriwira kapena wofiirira umakopa ana. Botolo lisungidwe pa malo okwera, lisatsanuliridwe m'botolo la chakumwa, ndipo madzi otsukira tayala asatayidwe mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Akagwera m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri. Mwana akamwa, athamangire naye ku chipatala atanyamula botololo kuti achipatala aone chimene wamwa.

Womata matayala akadali wofunika

Pa Chitakale, pa Boma, pa Limbuli ndi pa misika ina yonse ya m'bomali pali anthu okhala pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa, ali ndi beseni la madzi, pampu, zigamba ndi guluu uja amamutcha solushoni. Mankhwala a m'botolo sadzawachotsa ntchito anthu amenewa. Chimene amachita ndi kusintha nthawi ndi malo a ntchitoyo: m'malo mokhala pakati pa munda masamba ali mkufiira, imakhala madzulo pa malo ake oyenera, katundu atafika kale.

Koma mwini tayala ali ndi udindo umodzi kwa womatayo, ndiwo kumuuza zoona asanagwire tayala. Mawu ake ndi ochepa: "Bambo, m'tayalamu ndathiramo mankhwala, botolo lake ndi ili." Akamva izi womata amadziwa zoti asayandikize moto, ndiponso kuti atsuke ndi kuumitsa bwino pa malo omata, poti solushoni sagwira pa mphira wonyowa ndi mankhwala, ndipo chigamba chomatidwa pamenepo chimamatuka tsiku lomwelo. Mankhwala otchinjiriza ambiri amachoka ndi madzi wamba. Limu litsukidwenso ndi kupukutidwa, popeza chinyontho chokhalitsa chimabweretsa dzimbiri. Galimoto zina zatsopano zili ndi kachipangizo pa valavu kodziwitsa woyendetsa za kuchepa kwa mpweya, ndipo nakonso kayenera kutsukidwa kuti kasatsekeke. Ntchito yonseyi imadya nthawi, choncho womata akawonjezera mtengo pang'ono sadalakwe.

Kamatidwe koyenera ka tayala la galimoto nkakuti tayala ligululidwe, liyang'anidwe m'kati, chibowo chidzazidwe ndi chotsekera cha mphira, ndipo chigamba chimatidwe m'kati. Izi zimaloledwa pa chibowo chaching'ono cha pakati pa mbali yoponda pansi. Tayala loboka m'nthiti, lotupa chotupa, kapena loonetsa waya, lafika pa mapeto a ntchito yake pa msewu. Ogula matayala a kaunjika adziwenso kuti m'nthiti mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2318 atanthauza sabata la 23 la chaka cha 2018. Mphira wokalamba amauma ndi kung'aluka, ndipo ming'alu yotere palibe mankhwala angaitseke.

Kuwerengera phindu

Mabotolo ambiri a mankhwalawa amachokera kunja, motero mtengo wake umakwera pamodzi ndi kukwera kwa ndalama zakunja. Wogula ayenera kuwerengera. Wakabaza amene amayenda pakati pa Boma ndi Chitakale, pamene womata ali pafupi nthawi zonse ndipo chigamba nchotsika mtengo, mwina sangapindule kwenikweni. Koma woyang'anira ngolo zotuta tiyi m'dzinja, mlimi wa ngolo ya ng'ombe yodutsa m'minda ya zitsa za nandolo, kapena mudzi wosunga njinga yonyamulira odwala kutali ndi chipatala, kwa amenewa botolo limodzi lingathe kubweza mtengo wake pa ulendo umodzi wokha.

Choncho asanathire, munthu adzifunse mafunso atatu. Kodi tayala ili nla chubu, nlopanda chubu, kapena nla madzi? Kodi bala lake ndi chibowo chaching'ono cha pa mbali yoponda pansi, kapena ndi kung'ambika kwa m'nthiti? Nanga tayalali limayenda pang'onopang'ono m'munda, kapena limathamanga pa phula litasenza anthu? Ngati ndi la m'munda, mankhwala otchinjiriza athiridwe dzinja lisanayambe, ndipo mpweya uziyezedwabe sabata ndi sabata. Ngati ndi la pa phula, mankhwala opulumutsa akhale ofikira kwa womata woyamba wopezeka pa njirayo, mosathamanga, ndipo tayala lapadera likhale m'galimoto lili lopopa.